Mphindi yoyamba siidikira ambulansi

Ife a kuno ku Chifunde tikamakamba za matenda, nkhani imathera pa kutalika kwa mtunda. Kuchokera ku Cassacatiza kukafika ku chipatala chachikulu cha mumzinda wa Tete pali makilomita oposa 200, n'chifukwa chake ambiri a kumalire timangowoloka pa Chanida n'kulunjika ku St Francis ku Katete. Dzinja likafika, Luia n'kudzaza, ngakhale njinga yamoto imagwira njakata. Zonsezi n'zoona ndithu. Koma abale anga, pali imfa ina imene imathamanga kuposa galimoto lililonse. Munthu akaleka kupuma, ubongo wake umayamba kuonongeka pakangotha mphindi 4 mpaka 6. Pamenepo moyo wake uli m'manja mwa amene ali pafupi, ndipo zimatengera ngati manjawo adaphunzitsidwa.

Tiyambe ndi makanda. Mwa ana 10 alionse obadwa, pafupifupi mmodzi amafuna kuthandizidwa kuti ayambe kupuma. Kale khanda lotere ankalizondotsa, kulimenya kumatako kapena kulithira madzi ozizira, ndipo likapanda kulira ankati ndi mtayo, amayi n'kukaika mwakachetechete. Sindikunyoza azamba athu, poti adagwira ntchito ndi nzeru zimene adali nazo. Koma ena mwa ana aja mtima wao unkagunda, chimene chidasowa ndi mpweya basi.

M'chaka cha 2010 bungwe la madokotala a ana la ku America pamodzi ndi anzao adayambitsa maphunziro otchedwa Helping Babies Breathe, ndiko kunena kuti kuthandiza makanda kupuma. Mfundo yake njapafupi: pasanathe mphindi imodzi mwana atabadwa, azikhala akupuma yekha kapena akupopedwa mpweya. Namwino amampukuta mwamphamvu, kumfunditsa, kumsisita pamsana, ndipo akaona kuti sakupuma amamuvindikira kamwa ndi mphuno ndi kachipangizo kokhala ndi thumba lopopera. Sikafuna magetsi kapena batire. Ku Tanzania, m'zipatala 8 zimene adaphunzitsako njirayi, imfa za makanda za tsiku loyamba zidatsika ndi 47 pa 100 alionse, monga adalengezera ofufuza mu 2013.

Ine zimenezi ndidaziona ndi maso anga usiku wina ndikudikirira mng'ono wanga pa chipatala chaching'ono cha kwathu. Mwana adabadwa ali lobodo, osalira konse. Apongozi a mng'ono wangayo, amene adali pakhomo, adayamba kale kusisima. Namwino, mtsikana woti ndikadatha kumubereka, sadatekeseke. Adangoti, "Amayi, gwirani tochiyi, muunike apa." Adapukuta mwana uja, kumgoneka chagada, kumuwongola mutu, n'kuyamba kupopa akuwerenga chapansipansi. Ndinkaona kachifuwa kakukwera n'kutsika. Patapita kanthawi kamene kwa ine kadali ngati usiku wonse, mwana adatsokomola, kenaka kulira kudamveka mpaka panja. Kutacha ndidamufunsa namwinoyo kuti, "Mwanawe, mtima woterewu udautenga kuti?" Iye adaseka nati adazolowera pa chidole, ndipo m'mawa uliwonse asanayambe ntchito amayesa thumba lija ngati likupopa bwino.

Yankho limenelo lidandiphunzitsa kuti luso lotere limakhala m'manja ngati kuomba mtondo: ukaleka nthawi yaitali, umayamba kuphonya. N'chifukwa chake ndimadabwa ndi anzanga amene amang'ung'udza namwino akaitanidwa ku maphunziro ku Tete, amvekere wapita kukadya ndalama. N'zoona kuti odwala amavutika pamene iye palibe, ndipo akuluakulu a zaumoyo ayenera kumatitumizira wogwirizira. Koma amene amanola khasu sadathawe kumunda.

Dziko lathu lino lidapulumukira pa kuphunzitsa anthu amene lili nao. Titalandira ufulu mu 1975, madokotala ambiri achipwitikizi adachoka. Mu 1984 boma lidayamba kuphunzitsa ma técnico de cirurgia, anthu amene si madokotala koma amatha kuchita opaleshoni, ndipo kafukufuku wa mu 2007 adapeza kuti m'zipatala za m'maboma iwowa ndiwo ankachita maopaleshoni akuluakulu a uchembere 92 pa 100 alionse. Ma APE amene amayendera midzi yathu adayamba mu 1978, nkhondo idasokoneza ntchitoyo, ndipo idadzutsidwanso mu 2010.

Kwa anansi athu ku Malawi kulinso phunziro. Pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, Pulofesa Elizabeth Molyneux ndi anzake adaphunzitsa ogwira ntchito kuyendera mzere n'kusankha mwana wodwalitsitsa kuti athandizidwe msanga. Imfa za ana ogonekedwa zidatsika kuchoka pakati pa 10 ndi 18 kufika pakati pa 6 ndi 8 pa 100 alionse. Tsono mukaona namwino wanyamula mwana wa kumapeto kwa mzere, amene akubanika kapena kukomoka, musathamangire kunena kuti ndi zachibale. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Nanga ife kumudzi, kumene kulibe namwino? Pali zingapo zoti tonse tidziwe. Munthu wokomoka koma akupuma mgonekeni chammbali, ndipo musamthire madzi kapena phala m'kamwa chifukwa zimalowa m'mapapo. Wakhunyu musamulowetse sipuni m'kamwa. Mchotseni pafupi ndi moto, mtetezeni mutu. Khunyu sapatsirana. Wovulala pa njinga yamoto amene akutaya magazi, dinikizani pabalapo mwamphamvu ndi nsalu yoyera osaleka. Wamkulu amene sakuyankha ndiponso sakupuma, mgonekeni chagada pamalo olimba, sanjikizani manja pakati pa chifuwa chake ndi kudinikiza mozama ngati masentimita 5, maulendo 100 mpaka 120 pa mphindi. Mukadinikiza ka 30, muuzireni mpweya kawiri m'kamwa mutamtsina mphuno, wina akuthamangira thandizo. Wovuulidwa m'madzi chimene akusowa kwambiri ndi mpweyawo, choncho musataye nthawi ndi kumfinya mimba.

Komabe kuwerenga m'nyuzi sikukwanira, monga munthu saphunzira kupalasa njinga pomvera nkhani. Bungwe la Cruz Vermelha de Moçambique, limene lidakhazikitsidwa mu 1981, limaphunzitsa chithandizo choyamba. Mafumu, akuluampingo ndi a komiti ya zaumoyo, bwanji osapempha kuti anyamata a njinga zamoto, aphunzitsi ndi amayi a m'mabungwe aphunzitsidwe? Pa msonkhano wa komiti funsaninso mwaulemu ngati thumba lopopera makanda lilipo, ngati ndi lamoyo, komanso ndi angati amatha kuligwiritsa ntchito. Ndipo inu abambo, mwezi wa amayi ukayandikira aperekezeni ku nyumba yodikirirako pa chipatala, fodya akudikirani.

Msewu tidzapitiriza kuulirira, ambulansi nayonso. Koma pamene tikudikira zimenezo, mudzi uliwonse ukhale ndi anthu awiri atatu odziwa chochita munthu akagwa. Mutu umodzi susenza denga.