Tatsikani Basi pa Mwanza

Amayi anzanga, ambiri a inu Mwanza mumangoidziŵira pa zenera la basi. Popita ku Tete, ku Harare kapena ku Joni mumagula mulu wa manachesi kwa atsikana a mabeseni pamutu, ulendo nkupitirira. Lero ndifuna mutsike, tiyende pansi, muone zimene ndinaona m'mwezi wa June pamene ndinatumidwa kukayendera magulu a banki mkhonde m'madera a Mfumu Kanduku ndi Mfumu Nthache.

Kuchokera ku Blantyre ndi mtunda wa makilomita ngati 100. Mukaoloka Shire pa Zalewa mumakhotera kumanzere, nkudutsa dziko lotentha la milambe, kenaka mseu uyamba kukwera mapiri. Juzi musaisiye, pakuti kumtundako June amaluma. Gawo lalikulu la mseuwu lili mu Neno, imene inapatuka ku Mwanza mu 2003 nkukhala boma palokha.

Misonkhano yathu inkatha dzuŵa lili paliwombo. Masana onse ndinali mlendo wa mnzanga wina amene tinaphunzira limodzi kusoka ndi kuphika tili atsikana, ndipo anakwatiwa kumeneko. Zaka 15 zinali zitapita tisanaonane. Tinafunsana za amoyo ndi za akufa, tinaseka imvi zathu, ndipo nsima ya nandolo itatha anati, "Achemwali, tiyeni mukaone chuma chimene chimatisaukitsa."

Ananditengera kuseli kwa nyumba. Mitengo ya manachesi inali itaŵeramira pansi ndi zipatso, fungo lake lili guu. Ine ndinati ndi mwayi waukulu. Iye anapukusa mutu. Mvetserani bwino, amayi, chifukwa apa mpamene pagona nkhani. Manachesi amapsa nthaŵi imodzi, kwa iye ndi kwa anansi ake onse, ndipo sasungika monga chimanga. Wogula akabwera ndi lole, mtengo amatchula ndiye. Ukakana, maŵa zipatso zako zili pansi, ntchentche zitaboola. Choŵaŵa koposa chimachitika mu February, nkhokwe zikagwa mphwayi. Mayi wosoŵa ufa amagulitsiratu mtengo wathunthu zipatso zikadali zaziŵisi, pa ndalama yosakwana nkomwe thumba la chimanga, ndipo June akafika amangoyang'ana ena akuthyola pakhomo pake.

Pamenepa ndinamvetsa chifukwa chake amayi a kuno sachita nayo maseŵera banki mkhonde. Ngongole yaing'ono ya mu February ndiyo imapulumutsa mtengo. Gulu lina ndinalipeza likuphunzira kumezetsa manachesi pa mbande za mandimu, popeza mitengo yambiri ndi yokalamba, yobzalidwa ndi makolo, pamene yomezetsa imabereka msanga. Ndiye inu mukadzaima pa Mwanza, musamanenerere mtengo mpaka kumliza mwana wa mnzanu.

Tsiku lina tinayenda mpaka ku chipata cha dziko. Malole anali atandanda mzere wautali kudikira mapepala, ndipo kutsidyako ndi Zobue, ku Mozambique. Anthu a mbali zonse ziŵiri amalankhula chinenero chimodzi, amakwatirana, maliro amalira limodzi. Pa nkhondo imene inatha mu 1992, ambiri othaŵa kwao analoŵera dera lomweli. Masiku ano m'bomali mumadutsanso njanji yonyamula malasha kuchokera ku Moatize kupita ku doko la Nacala.

Loŵeruka, ntchito itatha, mnzangayo anati sindingachoke ndisanaone Thambani. Ndi kummwera kwa boma, njira yoloŵera ku Chikwawa, dziko la mapiri ndi zigwembe. Kumeneko ndi kumene mu May 1983 anapezeka atafa nduna zitatu, a Dick Matenje, a Aaron Gadama ndi a Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu wa Nyumba ya Malamulo, a David Chiwanga. Boma la nthaŵiyo linalengeza kuti inali ngozi ya galimoto. Kafukufuku amene anakhazikitsidwa mu 1994 anapeza kuti anachita kuphedwa ndi apolisi, koma mu 1995 bwalo la milandu linamasula akuluakulu amene anazengedwa mlanduwo. Pamalopo pali chipilala cha chikumbutso.

Ine ndinaima ndikuganiza za akazi ao, amene kwa zaka zoposa 10 anasenza chisoni chosaloledwa kufunsa funso. Mnzangayo sanalankhule mpaka tinayamba ulendo wobwerera. Anasenda nachesi, nandigaŵira theka, nati, "Apongozi anga amati chaka chimenecho nkhani imeneyi ngakhale kuchitsime sinkatchulidwa. Ankangoti kwagwa zija."