Kumene Sitima za Nthunzi Zinakapumira: Livingstone ndi Njanji ya ku Mulobezi

Alendo ambiri amene amafika mumzinda wa Livingstone, kummwera kwa Zambia, amathamangira ku mathithi a Mosi-oa-Tunya, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 10 kuchokera pakati pa mzindawo. Ndi ochepa amene amapatukira mumsewu wa Chishimba Falls, kumene kuli bwalo lalikulu lodzaza ndi mitu ya sitima zakale. Kumeneku ndi ku Railway Museum, malo osungirako mbiri ya njanji. Kale pamalopa ndi pamene ankakonzera ndi kugoneka mitu ya sitima za kampani yocheka matabwa ya Zambezi Sawmills. Boma linaika malowa m'gulu la malo otetezedwa mu 1976, ndipo anatsegulidwa kwa anthu mu 1987.

Mukalowa pachipata, chimene chimayamba kukugwirani mtima ndi bata. Zimakina zimene kale zinkagwedeza nthaka ndi kudetsa thambo ndi utsi zangoti duu padzuwa, zina zopakidwa utoto, zina zofiira ndi dzimbiri. Pali mabogi a matabwa amene ankanyamula anthu, ndipo m'nyumba muli zithunzi ndi zida zakale za ntchito ya njanji. Anthu okonda sitima amachokera kutali, ngakhale kutsidya kwa nyanja, kudzawerenga manambala a mitu imeneyi ndi kuyang'ana kumene inapangidwira. Mlimi kapena mlangizi wa kumudzi angadzifunse kuti: kodi zitsulo zakufazi zili ndi phindu lanji kwa ine? Yankho lili m'nkhani ya chimene sitimazi zinkanyamula, ndi anthu amene ankaziyendetsa.

Tiyambe ndi mmene zinkagwirira ntchito, popeza nzeru yake si yachilendo kwa aliyense amene anaonapo chivundikiro cha mphika chikuvina madzi akawira. Kumbuyo kwa mutu wa sitima kuli ng'anjo ya moto. Kutentha kwake kumadutsa m'mapaipi amene ali m'kati mwa chithanki cha madzi, madziwo n'kusanduka nthunzi yamphamvu. Nthunziyo imakankha zitsulo zimene zimapita kutsogolo ndi kubwerera m'mbuyo, ndipo zitsulozo zimazunguza mawilo. Sitima yotere inali yaludzu ndi yanjala: inkaima pafupipafupi kumwa madzi, ndipo munthu wosonkha moto ankakhalira thukuta ulendo wonse. Sitima za pa njanji yaikulu zinkadya malasha a ku Wankie, kumene lero timati Hwange, m'dziko la Zimbabwe.

Njanji yaikuluyo inachokera kummwera. Inafika ku Bulawayo mu 1897 ndipo inafika pa mathithi mu 1904. Mlatho wa pa Zambezi, wotalika mamita 198 ndipo wolenjekeka mamita pafupifupi 128 pamwamba pa madzi, unapangidwa ku England ndi kampani ya Cleveland Bridge, n'kudzaulumikiza pamalopo zidutswazidutswa. Unatsegulidwa mu 1905, patapita zaka zitatu Cecil Rhodes, amene ankaufunitsitsa, atamwalira. Chaka chotsatira njanji inafika ku Broken Hill, kumene tsopano ndi ku Kabwe. Mzinda wa Livingstone unakula chifukwa cha njanji imeneyi, ndipo unali likulu la Northern Rhodesia kuyambira mu 1911 mpaka mu 1935.

Koma njanji siyala pa dothi lokha. Imafuna mitanda yolimba yoti zitsulo zigonepo, ndipo mitandayo iyenera kukhala yosagwa chiswe. Mtengo wotere unapezeka kumadzulo kwa Livingstone, m'nkhalango za pa mchenga: mtengo wa mukusi, umene matabwa ake ndi ofiira, olemera ndi olimba kwambiri. Kampani ya Zambezi Sawmills, imene inakhazikitsidwa mu 1916, inayamba kuyala njanji yakeyake m'zaka za m'ma 1920 kuchokera ku Livingstone kulowera ku Mulobezi, mtunda woposa makilomita 160. Kuchokera kumeneko nthambi zina zinkalowa m'kati mwa nkhalango kulondola mitengo. Pa nthawi yake inali imodzi mwa njanji zazitali kwambiri padziko lonse zimene mwini wake anali kampani, osati boma. Mukusi unasanduka mitanda ya njanji za m'maiko a kummwera kuno, ndi timatabwa toyala pansi m'nyumba za anthu olemera.

Kampaniyi sinkakonda kugula zatsopano. Inkagula mitu ya sitima imene njanji zikuluzikulu zinali zitatopa nayo, ina yopangidwa ku Glasgow m'zaka za m'ma 1890, n'kumaiyendetsabe mpaka kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1970. N'chifukwa chake ku Livingstone kunatsala mitu yakale imene m'malo ambiri inaphwanyidwa kalekale. Katswiri wojambula zithunzi wa ku Britain, David Shepherd, anakopeka nayo kwambiri, ndipo mutu umodzi unatumizidwa ku Britain m'zaka za m'ma 1970, kumene ukusungidwa ngati chuma chamtengo wapatali. Apa pali ulemu umene uyenera kupita kwa amisiri a kuno kwathu. Kuyendetsa makina a zaka 70 m'tchire, kutali ndi kumene anapangidwa, kunkafuna manja aluso ndi mitu yoganiza.

Komabe mayina a anthu amenewa sapezeka kawirikawiri pa zikwangwani. Amene ankadula mitengo, kusenza mitanda, kutunga madzi ndi kusonkha moto anali anthu akuda: Alozi, Atonga ndi ena ochokera kutali. Amuna ambiri a ku Nyasaland ndi kummawa kwa Zambia anakagwira ntchito pa njanji za Rhodesia ndi ku migodi ya malasha ya ku Wankie, ena osabwerera, n'kusanduka matchona. Kwa zaka zambiri za utsamunda, ntchito yoyendetsa sitima pa njanji ya Rhodesia Railways inali ya azungu okha. Roy Welensky, amene anadzakhala nduna yaikulu ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland mu 1956, anagwirapo ntchito ngati woyendetsa sitima. Antchito akuda anaonetsa mphamvu zawo mu 1945, pamene sitalaka imene inayambira ku Bulawayo inafalikira motsatira njanji mpaka kumpoto kwa Zambezi. Joshua Nkomo nayenso anayambira utsogoleri wake m'bungwe la antchito akuda a pa njanji.

Nkhalango nayo ili ndi mbali yake ya nkhaniyi. Mukusi umakula pang'onopang'ono kwambiri. Mtengo umene macheka amaugwetsa m'kanthawi kochepa unatenga mibadwo ingapo ya anthu kuti ufike pamenepo. Mitengo ikuluikulu ikachotsedwa, tchire limauma msanga, ndipo moto wolusa wa m'chilimwe umapha timitengo tongomera kumene. Mitengo yabwino itachepa pafupi ndi njanji, phindu linatsika, ndipo nthambi za m'nkhalango zinasiyidwa. Aliyense amene akuona magalimoto a makala ndi matabwa akutuluka m'dera lake usiku ndi usana angachite bwino kuima pabwalo la ku Livingstone n'kulingalira. Njira imene inatsegulidwa kuti ichotse chuma imatha ntchito chumacho chikatha, ndipo otsala ndi eni dera.

Njanji ya ku Mulobezi sinafe pamodzi ndi malonda a kampaniyo. Inapita m'manja mwa boma m'zaka za m'ma 1970, ndipo kwa anthu a m'midzi ya m'mphepete mwake yakhala njira yonyamulira ng'ombe, chimanga ndi odwala, makamaka nthawi ya dzinja pamene misewu imavuta. Chifukwa cha kukalamba kwa zitsulo ndi mitanda, ulendo wa makilomita 160 wakhala ukutenga tsiku lathunthu kapena kuposerapo. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 2000, mitu ina yakale inakonzedwa kuti izikoka sitima ya alendo yotchedwa Royal Livingstone Express, mmene anthu ankadya chakudya chamadzulo akuonerera dzuwa likulowa. Zimenezi zinabweretsa ntchito ndipo zinapulumutsa makina ku dzimbiri. Zinaonetsanso kuti chitsulo chakale chimauka ngati pali wofuna kulipira. Funso n'lakuti mlimi wa ku Mulobezi adzapatsidwa liti chidwi chofananacho.

Amene mumagwira ntchito ndi anthu m'midzi, mukapita ku Livingstone ku msonkhano kapena ku maphunziro, patulani maola awiri mukaone malowa, ndipo ngati n'kotheka mutenge ana a sukulu. Mukabwerera kwanu, funsani ngati m'mudzi muli agogo amene anagwirapo ntchito pa njanji, kaya ku Limbe, ku Kabwe, ku Beira kapena ku Bulawayo. Khalani nawo pansi, lembani zimene akukumbukira, jambulani mawu awo ndi makalata awo a ntchito. Paja akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Mutu wa sitima ungadikire zaka zina 20 kuti upakidwe utoto, koma agogowo sadzadikira nthawi yaitali chotero.