Ku Chiradzulu phindu likuthera panjira

Masabata apitawa ndinapita ku Chiradzulu kukaona mwana wa mchemwali wanga yemwe anali atangochira kumene mwana wake woyamba. Iye ndi mwamuna wake amakhala m'mudzi wina kuseri kwa PIM. Monga mwa mwambo ndinanyamula kachitenje, sopo ndi shuga. Zimene ndinaona paulendowu n'zimene ndati tikambirane lero, makamaka ndi inu amene mwangolowa kumene m'banja ndipo mukukhalira kumudzi.

Kuchoka mu Limbe sikunavute. Ndinakwera minibasi yodzera msewu wa Midima, uja anaupatsa dzina la Robert Mugabe mu 2006, ndipo tisanathe n'komwe kukangana ndi kondakitala za chenje, tinali titafika pa Nguludi Turn-off. Apa m'pamene munthu umadabwa. Chiradzulu ili pakhomo penipeni pa Blantyre, moti ukakwera pachitunda usiku umaona kuwala kwa magetsi a m'tauni. Kumpoto kwadutsa msewu wa ku Zomba, wodzera pa Njuli, Mbulumbuzi ndi Namadzi, kummwera kuli wa Midimawu. Boma lokhala pakati pa misewu iwiri ya tala, msika waukulu uli pafupi chonchi, bwenzi anthu ake akusimba lokoma. Nanga n'chifukwa chiyani umphawi sukuchoka?

Yankho ndinalipeza nditasiya tala. Kufika ku Nguludi zinthu zili bwino ndithu. Kuli chipatala cha mishoni cha St Joseph's, kulinso yunivesite ya Akatolika imene inatsegulidwa mu 2006, ndiye magalimoto ndi njinga zamoto sizisowa. Ku PIM nako, kumene m'busa John Chilembwe anakhazikitsa mishoni yake ku Mbombwe mu 1900, kumafikika. Pa 15 January paja akuluakulu amakhamukirako ndi magalimoto awo onyezimira. Koma ukangopatuka kulowa m'midzi, nkhani imasintha. Mnyamata wa kabaza amene anandinyamula anandiuza mtengo umene unaposa wa minibasi yochokera mu Limbe, chonsecho mtunda wake unali waufupi. Nditadandaula anandiyankha mwaulemu.

"Mayi, musaone kufupika. Kuli zigwembe uko, mafuta akwera, ndiye pobwerera ndibwera ndekha wopanda pasenjala."

Sananame mwanayo. Kawiri konse ndinatsika n'kuyenda pansi, iye akukankha njinga pamalo pamene madzi anakumba msewu. Pakamtsinje kena mlatho wake ndi mitengo ya bulugama yoyalidwa, ina yothyoka. Ndinawoloka chogwira mtima, shuga wanga ali pamutu.

Kalembera wa mu 2018 anapeza kuti m'boma la Chiradzulu muli anthu oposa 350,000, pamene bomalo ndi limodzi mwa maboma aang'ono m'dziko muno. Minda ndi yochepa, tizigawo chabe. Banja silingadalire chimanga chokha, n'chifukwa chake anthu kumeneko amalimbikira tomato, kabichi, mpiru, nandolo ndi mbatata, ena akuweta ng'ombe za mkaka. Tsono taonani: kupatula nandolo, zambiri mwa zinthu zimenezi sizidikira. Chimanga ungachisunge mpaka mtengo utakwera, koma tomato akapsa wapsa. Mkaka ukaukama m'mawa uyenera kufika msanga kumalo oziziritsira, ukachedwa panjira umasasa ndipo amaubweza.

Madzulo titadya, mkamwini wathu anakhala chapatali potero monga mwa ulemu wake, n'kuyamba kundifotokozera za dimba lake. Ndi mnyamata wolimbikira, manja ake amachita kuonetsa. Anati akathyola tomato ali ndi njira ziwiri. Yoyamba n'kulipira njinga mpaka pamsewu, kenaka minibasi kapena matola mpaka mu Limbe, dengu lililonse kulipira palokha, iye mwini kulipiranso, kubwerera chimodzimodzi. Yachiwiri n'kudikira mavenda amene amafika kumudzi konko.

"Ndiye amayi, venda akafika kuno amadziwa kuti sindingam'kanize. Mtengo amanena ndi iyeyo. Ndikakana, mawa tomato waphwanyika."

Ndinamufunsa ngati anawerengerapo ndalama zimene zimathera paulendo pa nyengo yonse ya dimba. Anaseka n'kunena kuti amawerengera mbewu, feteleza ndi mankhwala basi. Apa m'pamene ambiri timaphonya, abale anga. Thiransipoti timaiona ngati kanthu kapadera, pamene ikudya nafe m'mbale imodzi tsiku ndi tsiku. Mwamuna akabwera kumsika ndi ndalama zochepa, mkazi amayamba kuganiza kuti zina zathera kumowa kapena kwa chibwenzi. Ena amaterodi, sindikuwaikira kumbuyo. Koma mabanja ena akukangana chifukwa cha ndalama imene yadyedwa ndi msewu. Khalani pansi awirinu, tengani kope, lembani zonse kuyambira pa njinga mpaka chiphaso cha mumsika. Mukatero mudzaona nokha ngati kuli bwino kupita ku Limbe, kukagulitsa pamsika wapafupi, kapena kugwirizana ndi anzanu anayi asanu n'kuchita hayala galimoto imodzi. Paja mutu umodzi susenza denga.

Koma imene inandikhudza kwambiri ndi nkhani ya mwana wangayo. Matenda anamuyamba usiku, masiku ake asanakwane bwino, kunja kukugwa mvula. Mwamuna wake anayenda khomo ndi khomo kufuna wa njinga yamoto. Woyamba foni inali yothima, wachiwiri anakana poopa matope, wachitatu anavomera koma pamtengo wowirikiza, ndipo ndalamayo anachita kukongola kwa oyandikana nawo. Tangoganizani mayi woyembekezera, ululu uli pachimake, atakhala panjinga m'zigwembe zija ndinatsika ine wabwinobwino. Mwamwayi anafika, ndipo mwana ali bwino. Anamwino anamukalipira kuti bwanji sanapite kuchidikiro. Ine ndinawonjezera panga, ngakhale ndinayamba ndamupsompsona kaye mdzukuluyo.

Inu abambo, mimba si ngozi yogwa mwadzidzidzi, imapereka miyezi isanu ndi inayi yokonzekera. Ndalama ya ulendo wa kuchipatala muziika padera kuyambira mwezi umene mayi wayamba sikelo, ndipo isakhudzidwe ngakhale kubwere maliro a kuchimuna. Sungani manambala a akabaza awiri kapena atatu odalirika. Ngati kwanu n'kutali kapena kuli mtsinje wovuta, mwezi womaliza mayi akadikirire kuchipatala. Ndikudziwa kuti chimavuta n'chakudya cha kumeneko ndi wosiyira ana pakhomo, koma zimenezo n'zokambirana ndi apongozi nthawi ilipo.

Chiradzulu yomweyi inaphunzitsapo dziko lonse kuti mtunda ndi matenda paokha. Mu 2001 bungwe la Médecins Sans Frontières linayamba kupereka mankhwala otalikitsa moyo, ma ARV, pachipatala cha boma kumeneko, nthawi imene ambiri ankati zoterezi sizingatheke kumudzi. Posakhalitsa anaona kuti odwala ambiri akulephera kufika paboma chifukwa chosowa ndalama yoyendera, ena ofooka moti sakanatha kuyenda pansi. Anayamba kupititsa mankhwalawo kuzipatala zing'onozing'ono za m'madera, ndipo pambuyo pake amene akupeza bwino anawachepetsera maulendo okaonana ndi dokotala. Anthu amene akanasiya mankhwala anapitiriza kumwa. Nzeru yake inali yoti ngati munthu sangafike kumene kuli chithandizo, chithandizocho chimutsatire.

Msewu wokha sungasamuke kutsatira munthu, uyenera kukonzedwa pomwe ulipo. Namondwe wa Freddy atawomba mu March 2023, Chiradzulu inali m'gulu la maboma amene anakhudzidwa koopsa. Matope ochokera m'phiri anakokolola mudzi wa Mtauchira kwa T/A Likoswe, ndipo m'madera ambiri milatho ndi misewu zinaduka moti ngakhale thandizo linkavuta kufika. Anthu a m'mudzi umene ndinagona amati kamlatho kawo ka mitengo kaja anayala okha pambuyo pa mvula imeneyo.

Ambiri sadziwa kuti pa lita iliyonse ya mafuta pamakhala kandalama ka misewu, kamene kamapita ku Roads Fund Administration, bungwe limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2006 pamodzi ndi Roads Authority. Ndiye kuti wa kabaza uja akagula petulo, n'kukulipiritsani inu, nanunso mwasonkha nawo. Kufunsa za msewu wanu si kupempha chifundo ayi. Timisewu ta m'midzi timadzera kukhonsolo ya boma, ndipo nkhani zake zimayambira m'makomiti a chitukuko a VDC ndi ADC. Koma kumisonkhano imeneyi mumapezeka ndani? Agogo ndi mafumu. Achinyamata amene mumanyamula madengu ndi ana odwala mumati n'zotayitsa nthawi. Khansala ndi phungu amafunika kumva kuchokera kwa inu kuti chimene chikupha malonda ndi kamlatho kakuti, osati kungowaombera m'manja akabwera ndi mpira wa chikho.

Nafenso tili ndi mbali yathu, tisamangoloza boma. Pobwerera m'mawa mwake ndinaona mizere ya chimanga italowa mpaka m'ngalande za msewu. Wina anatseka ngalande dala kuti madzi asalowe m'munda mwake, ndiye madziwo akuyenda pakati pa msewu n'kumakumba. Pena anyamata akumba dothi loumbira njerwa m'mphepete mwenimweni. Ndinamufunsa wa kabaza yemwe uja, poti ndinamuimbiranso, kuti mundawo ndi wa ndani.

"Ndi wa amalume anga, mayi," anatero akuseka. "Tikawauza amati msewu sadya."

Tinafika pa tala dzuwa litakwera. Pasiteji panali amayi atatu ndi madengu a tomato, akudikira minibasi imene ingavomere katundu. Ziwiri zinadutsa zodzaza. Yachitatu inaima, kondakitala n'kutchula mtengo wa dengu, mayi mmodzi anayang'ana anzake, n'kumasula mfundo ya chitenje kuti awerenge zimene anali nazo.