Mphindi 30 zomwe amayi sanazolowere

Anzanga a m'gulu muno, ngati muli ndi mayi kapena agogo amene anasiya kusamba, nkhaniyi ndi yanu. Pa msinkhu umenewu mafupa amatha kufumbwa mkati ngati nsichi yodyedwa ndi chiswe. Achipatala amati osteoporosis. Munthu kungoterereka pa mjigo, dzanja thyo!

Amayi anga kuno ku Ngabu zinawachitikira. Adokotala ku Blantyre anawalembera alendronate, piritsi limodzi la 70 mg kamodzi pa sabata. Mankhwalawa anavomerezedwa ku America mu 1995 ndipo amachepetsadi kuthyoka kwa mafupa, koma ali ndi malamulo. Amamwedwa m'mawa m'mimba mulibe kanthu, ndi tambula yodzadza ya madzi wamba. Osatafuna, osamwera tiyi kapena mkaka, chifukwa zimenezi zimatchinga mankhwala kulowa m'thupi. Kenako kwa mphindi 30 osadya, osagona, koma kukhala tsonga kapena kuimirira. Piritsi likakakamira kapena kubwerera kum'mero limawotcha: chilungulira, mseru, mwina mpaka zilonda.

Apa ndiye pali nkhani. Inu mukudziwa dzuwa la kuchigwa kuno. Ntchito yonse imathamangiridwa kusanatenthe, ndipo pafupifupi yonse ndi yowerama: kusesa pabwalo, kukoleza moto, kutsuka mbale, kupalira thonje. Mayi amene kwa zaka 40 sanakhalepo chete m'mawa, mumuuze kuti akhale pampando? Amayi ankangoti, "Ndikhale ngati mlendo pakhomo panga?" Akatero tsache m'manja. Pofika masana pamtima moto, mpaka anafuna kuwasiya mankhwalawo.

Tinagwirizana kuti Lamlungu ndi tsiku la piritsi. Mdzukulu asesa, mlongo wanga akoleza moto, ine ndikhala nawo pakhonde tikumvera wailesi. Chilungulira chinachepa kwambiri.

Ndiye akalandira mankhwalawa akwanu, musangowawerengera malamulo n'kumapita. Alandeni tsache m'mawa umenewo. Bondo likamawawa asangogula brufen kapena aspirin pagolosale, amawonjezera moto m'mimba. Afunse kaye achipatala. Akamavutika kumeza, akamamva kuwawa pachifuwa kapena chimbudzi chikada bii, asiye kaye kumwa, muthamangire nawo kuchipatala.

Ena amene amawasiya mankhwalawa si kuti ndi osamva. Pakhomo palibe amene anawapatsa mpata wokhala pansi.