Nyama Yotchipa ya pa Msika

M'chaka cha 1984, pamene ndinali mu Sitandade 7 kwathu ku Mchinji, atate anali ndi nkhumba 9, ndipo anali kuzitcha "fizi ya ana". Tsiku lina Loweruka amayi anandituma ku msika kukagula usipa. Kumeneko ndinapeza munthu akugulitsa nyama ya nkhumba, mulu waukulu pa mtengo wa usipa womwewo. Ndinagula, ndi kubwerera kunyumba monyadira. Madzi amene amayi anatsukira nyamayo, pamodzi ndi tizidutswa tatiwisi, ndinakathira ndi manja angawa m'chodyera cha nkhumba.

Patapita sabata imodzi, nkhumba yaikazi yaikulu inakana gaga. Inatentha thupi, niyamba kudzandira, ndipo m'mawa mwake tinaipeza itauma. Zinazo zinaunjikana pa ngodya ya khola, ndi kufa imodziimodzi. Inatsala imodzi yokha.

Atate anali atakanganapo ndi mnansi wathu za malire a dimba, motero sanafune kufunsa zambiri. Anapita kukaima pa bwalo pake nati, "Mwandithera ziweto, inu!" Mkuluyo anayankha mofatsa kuti, "Achimwene, zanganso ziwiri zagona." Atate sanamve. Mlandu unafika kwa amfumu, koma unatha wopanda mboni, ndipo kuyambira pamenepo anthu awiriwa analeka kupatsana moni.

Ndinadziwa zoona zake nditakula. Matendawo ndi chigodola, chimene akatswiri anachilongosola koyamba ku Kenya m'chaka cha 1921. Kwawo kwenikweni kwa kachirombo kake ndi kuthengo: njiri zimakhala nako osadwala, ndipo nkhufi za m'mauna mwao zimakasunga. Ofufuza a m'zaka za m'ma 1980 anakapezanso mu nkhufi za m'makola a nkhumba ku Mchinji komweko. Munthu sadwala nako ayi, n'chifukwa chake ife tinadya nyama ija ndi kugona tulo tabwino. Koma mu nyama yaiwisi, ngakhale yofutsa, kamatha miyezi kali ndi moyo, ndipo mankhwala ochiza nkhumba yodwala palibe. Wogulitsa uja, monga achitira ambiri, ayenera kuti anapha zodwala msanga kuti apulumutseko ndalama. Sindimuweruza kwambiri, pakuti atate nawonso anapha zathu ziwiri zisanafe, nakagulitsa ku mudzi wa kutsidya kwa dambo.

Kodi inali nyama ija, kapena nkhufi? Mtima wanga umati nyama, popeza masiku ake akugwirizana. Koma mnansi wathu analibe mlandu.

Ndinawauza atate zonsezi m'chaka cha 1996, tikusenda chimanga pakhonde. Mkulu uja anali atamwalira kale zaka zitatu zapitazo. Atate anaika chitsononkho pansi, nayang'ana ku dimba kuja nthawi yaitali. Kenaka anati, "Mwana wanga, nanga tsopano ndikapepese kwa yani?"