Mphatso ya Dziŵazako

Milonde ndi dera la m'boma la Mulanje, kum'mwera kwa phiri, kufupi ndi malire a Malaŵi ndi Mozambique. Phiri la Mulanje ndilo lalitali koposa m'dziko muno, ndipo nsonga yake yotchedwa Sapitwa ndi ya mamita 3,002. Kumeneko mvula imagwa yambiri. Anthu amalima chimanga, nandolo, chinangwa, nthochi ndi zinanazi, ndipo ena amagwira ntchito yothyola tiyi.

M'mudzi wina wa m'deralo mudali mnyamata wa Sitandade 5 amene ankakhala ndi amayi ake ndi agogo ake aamuna. Pakhomo pawo padali galu wofiirira, wa mchira wopindika, dzina lake Dziŵazako. Dzinali adam'patsa ndi agogo. Akuluakulu akale ankakonda kutcha agalu maina okuluŵika, kuti poitana galu mawu akagwerenso m'khutu la munthu wamiseche wa nyumba yoyandikana nayo.

Dziŵazako adali galu wantchito. Usiku ankalondera khola la mbuzi, ndipo masana ankaperekeza agogo kumunda. Malipiro ake adali nsima ya gaga ndi mkute, zimene ankamuponyera pansi pafupi ndi thandala la mbale. Galuyo sankadandaula, pakuti agalu ambiri a m'midzi amadya chomwecho.

Mwezi wa Disembala utafika, ana a m'mudzimo sankakamba china koma malaya atsopano ndi mpunga wa nkhuku. Mnyamata uja yekha ndiye adali ndi nkhaŵa. Pa Khirisimasi ya chaka chapitacho alendo adadya nkhuku ziŵiri, ndipo mafupa onse adaponyera make wa Dziŵazako. M'maŵa mwake galuyo adayamba kusanza. Adakana chakudya, nagona pansi pa nkhokwe, ndipo atatha masiku atatu adafa. Mnyamatayo adamukwirira yekha patsinde pa mtengo wa mango.

Tsono chaka chimenecho iye adayamba kugulitsa zinanazi m'mbali mwa msewu, ndalama zake nkumaponya m'kachitini. Tsiku lina madzulo adakhala pansi pafupi ndi agogo ake, amene ankaluka dengu pakhonde.

"Agogo, ndikufuna mundiperekeze ku msika wa Limbuli. Ndikagule mphatso ya Dziŵazako."

Agogo adaseka mpaka kutsokomola. "Mdzukulu wanga, kodi galu amaŵerenga kalendala? Khirisimasi aidziŵira kuti?"

"Saidziŵa, agogo. Koma ndi Khirisimasi yomweyo imene idapha make."

Agogo adaleka kuseka. Adapitiriza kuluka dengu lawo kwa kanthaŵi, kenaka adati, "Kapope njinga."

Mnyamatayu sadali wosadziŵa za agalu. M'mwezi wa Seputembala kudabwera mlangizi wa ziŵeto kudzabaya agalu katemera wa chiwewe, ndipo iye adakoka Dziŵazako ndi chingwe mpaka pabwalo. Atatha kubaya, mlangiziyo adapereka chiphaso kwa mwini galu aliyense, nakhazika pansi ana amene adalipo. Adawauza kuti kachilombo ka chiwewe kamakhala m'malovu a nyama yodwala, ndipo kamaloŵa m'thupi la munthu podzera pa bala. Munthu akalumidwa ndi galu, atsuke balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, ndipo apite kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa zizindikiro za nthendayi zikayamba kuoneka palibenso mankhwala ochiza. Adawasimbiranso za Louis Pasteur wa ku France, amene mu 1885 adapulumutsa ndi katemera mnyamata wa zaka 9 wolumidwa ndi galu wachiwewe. Pasteur adamwalira pa 28 Seputembala 1895, ndipo maiko amakumbukira nkhondo yolimbana ndi chiwewe pa tsiku limeneli chaka chilichonse. Mawu ena amene mnyamatayo adawasunga ndi aŵa: agalu 7 mwa agalu 10 alionse akabayidwa katemera, nthendayi imasoŵa podutsira.

Pa msika wa Limbuli padali anthu osaŵerengeka, ena ochokera kutsidya ku Mozambique. Mnyamatayo adayamba waima pa golosale ina. Msuwani wake wa ku Blantyre adamuuzapo kuti ku tauni chinthu chokoma koposa ndi chokoleti, ndipo adachiyang'ana nthaŵi yaitali. Koma adakumbukira chenjezo la mlangizi uja. M'chokoleti muli chinthu china chimene thupi la munthu limachotsa msanga, pamene thupi la galu limachedwa nacho, kotero kuti galu amanjenjemera, mtima wake umathamanga, ndipo akadya chambiri akhoza kufa. Adaonanso timipira tating'ono tokongola. Adatenga kamodzi, nakayesa m'dzanja lake, naona kuti galu akhoza kukameza ndi kutsamwa nako. Adakabweza.

Agogo adayamba kutopa. "Tsono tabwerera chiyani kuno? Ichi ayi, icho ayi!"

Potsiriza adafika kwa bambo wina wosoka nsapato. Bamboyo adali ndi malamba akale achikopa, ndipo adavomera kudula limodzi ndi kuboola zibowo zatsopano kuti likhale lamba wa m'khosi mwa galu. Mnyamatayo adali atayeza kale khosi la Dziŵazako ndi luzi. Ndalama zotsala adagulira mbale yachitsulo ndi kamulu ka usipa. Kunena zoona, mphatso zimenezi sizidali zokopa maso, ndipo m'bale wake wina ataziona adati mnyamatayo wangotaya ndalama za zinanazi.

Atafika kunyumba, amayi ake adasokerera kansalu kofiira pa lambayo. Mnyamatayo adamuveka Dziŵazako, naloŵetsa zala ziŵiri pakati pa lamba ndi khosi kuti aone ngati sadathinitse. Galuyo adadzikanda, adapukusa mutu, koma pofika madzulo adali atazoloŵera. Agogo, amene adaseka poyamba aja, adatulutsa chiguduli m'chipinda mwawo nati chikhale chogonera cha galu.

Pa 25 Disembala anthu atachoka kutchalitchi, pakhomo padadzaza alendo. Atsibweni ake a mnyamatayo adabwera kuchokera ku Blantyre ndi ana awo. Kudaphikidwa mpunga, nkhuku ndi nyama ya mbuzi, ndipo thobwa lidali mumtsuko waukulu. Dziŵazako adakhala chapatali, maso ali pa mbale. Atsibweni atamaliza ntchafu ya nkhuku adakweza dzanja kuti aponye fupa.

Kuletsa munthu wamkulu, ndiponso mlendo, si chinthu chapafupi kwa mwana. Mnyamatayo adayandikira, nanjuta, mtima ukugunda.

"Pepani atsibweni, fupalo ndipatseni ine. Fupa la nkhuku yophika limasweka ngati singano, ndipo limalasa matumbo a galu."

"Iwe, agalu akhala akudya mafupa ife tisanabadwe," adatero atsibweni.

"Mpatse mwanayo," adatero agogo osakweza mawu. "Iwe kudalibe chaka chatha."

Atsibweni adapereka fupalo. Mnyamatayo adazungulira ndi kambale kutolera mafupa onse, nakawataya m'dzenje lakuya. Pambuyo pake adaika nsima, usipa ndi timinofu ta mbuzi m'mbale yatsopano ija. Madzulo bambo wina woledzera adafuna kumwetsa galuyo masese kuti anthu aseke, koma amayi a mnyamatayo adam'thamangitsa ndi mawu. Moŵa umene munthu wamkulu amangodzandira nawo ukhoza kupha galu. Khirisimasi idatha Dziŵazako ali wamoyo, ndipo mnyamatayo adagona tulo tabwino.

Tsoka lidadza usiku wa pa 31 Disembala. Achinyamata adali atagula makombola, ena adasonkhanitsa zitini zoti aziimba chaka chikamatha. Makutu a galu amamva kuposa a munthu, ndipo phokoso limene ife timakondwera nalo, iye limamuopsa ngati chiphaliwali chogwa pakhomo. Podziŵa zimenezi, mnyamatayo adatsekera Dziŵazako m'khitchini dzuŵa lisanaloŵe, namuikira chiguduli chake ndi madzi akumwa. Koma chitseko cha khitchiniyo chidalibe loko. Ankangochitsekera ndi mwala.

Pakati pa usiku mudzi wonse udaphulika ndi phokoso. Msuwani wamng'ono adathamangira kukhitchini kukapala moto woyatsira makombola ake, nakankha chitseko. Dziŵazako adatuluka ngati muvi, nazimirira mumdima.

Mnyamatayo adafunafuna ndi tochi kuseri kwa nyumba, kukhola, mpaka m'munda wa chinangwa. Adaitana kufikira mawu adasasa. Kenaka mvula idayamba, ndipo amayi ake adam'bweza. Sadagone. Mbandakucha adatenga chingwe ndi chiphaso cha katemera chija, nachikulunga m'pepala la pulasitiki, nauyamba ulendo. Agogo adam'tsatira ndi ndodo yawo.

Adafunsa amayi opita kumjigo, adafunsa anyamata a kabaza, koma palibe amene adamuona. Dzuŵa litakwera, mtsikana wina wosenza nkhuni adawauza kuti m'mudzi wachitatu kuchokera kwawo anthu atsekereza galu wachiwewe pansi pa nkhokwe. Mnyamatayo adasiya agogo m'mbuyo, nathamanga.

Adapeza anthu atazinga nkhokweyo, ena atanyamula miyala, ena zibonga. Pansi pake padali galu wamatope thupi lonse, ali ŵefuŵefu, malovu akutuluka, ndipo aliyense akayandikira ankaonetsa mano. Anthu amenewo sitingawaweruze msanga. Galu wachilendo wooneka motero ndi woopsa ndithu pamudzi pamene pali ana. Chimene chidachedwetsa miyala chidali mawu a mayi wina wokalamba, amene adaona kansalu kofiira m'khosi mwa galuyo.

"Taimani, ana inu," adatero mayiyo. "Galu wosokeredwa nsalu ali ndi mwini wake. Dikirani pang'ono."

Mnyamatayo adafika akupuma movutikira. Adapita kwa anyakwaŵa, nagwada, napereka chiphaso chija ndi manja aŵiri.

"Zikomo mfumu, galuyu ndi wathu. Adathaŵa makombola usiku. Adabayidwa katemera mu Seputembala."

Anyakwaŵa adaŵerenga chiphasocho pang'onopang'ono. Kenaka adafunsa anthu ngati alipo amene walumidwa kapena kukandidwa. Padalibe ndi mmodzi yemwe.

"Ngati ndi wako, mwanawe, muitane tione."

Anthu adafutukira m'mbuyo. Mnyamatayo adakhala pansi patali pang'ono ndi nkhokweyo, osatambasula dzanja, pakuti galu wamantha akhoza kuluma ngakhale mbuye wake. Adaliza kaluzu kamene ankaliza popita kumunda, naitana motsitsa mawu, "Dziŵazako, Dziŵazako." Anthu ena adaseka pomva dzinalo. Galuyo adaleka kulusa. Adatukula makutu, nakwaŵa chamimba kutuluka pansi pa nkhokwe, mchira ukugunda pansi, nadzaika mutu wake pamiyendo ya mnyamatayo.

Anyakwaŵa adalamula kuti galuyo akasungidwe pakhomo masiku 10 osayendayenda, ndipo akasintha khalidwe akadziŵitse mlangizi wa ziŵeto msanga. Agogo, amene adali atangofika kumene, adavomera, nathokoza anyakwaŵa ndi mayi wokalamba uja. Mayiyo adabweretsa madzi m'phale, ndipo galuyo adamwa onse. Pamenepo bambo wina adataya mwala wake.

Pobwerera adayenda pang'onopang'ono, chifukwa Dziŵazako ankatsimphina phazi lakutsogolo limene lidalasidwa ndi minga. Atafika kwawo, mnyamatayo adazula mingayo, natsuka phazilo ndi madzi ofunda amchere. Msuwani wamng'ono uja, maso ali ofiira ndi kulira, ndiye adatsuka mbale yachitsulo ndi kuikamo nsima.

Masana a tsiku lomwelo agogo adatenga kathabwa, misomali iŵiri ndi nyundo, napita kukhitchini kukakonza chotsekera chitseko. Adachikhomera pamwamba, pamene mwana wamng'ono sangafikire.