Kusokera munthu amene sudamuonepo

Azakhali anga, omwe adandiphunzitsa utelala pakhonde la sitolo ina ku Limbe, sankayeza munthu asanamuuze kuti ayende kaye. Ankati munthu akaona tepi amakoka mimba, n'kutukula chifuwa ngati msilikali, koma akayenda pang'ono thupi limaiwala, limabwerera m'malo mwake. Akatero ndiye ankayeza pachifuwa, m'chiuno, m'mbina, kuchokera paphewa mpaka pomwe diresi likathere, manambala n'kuwalemba ndi choko kuseri kwa nsalu. Ndidakhala nawo zaka zinayi, ndipo pochoka ndinkadziona ngati ntchito ndaimaliza.

Chidandikankhira pa foni ndi mliri wa Covid-19. Mu 2020 sukulu zitatsekedwa, mayunifolomu omwe ankandidyetsa adaima, maukwati nawo adachepa. Mng'ono wanga adanditsegulira tsamba pa Facebook, nandiphunzitsa kuika zithunzi pa status ya WhatsApp. Madiresi a chitenje ndinkawaveka chidole chakale chopanda mutu, n'kujambula kuseri kwa nyumba kwathu ku Ndirande. Ambiri ankangofunsa kuti "zingati?" kenako zii, koma ena ankaitanitsadi. Ndalama zinkabwera pa Airtel Money kapena pa Mpamba, ine n'kukakweza katundu basi ku Wenela. Ndidayamba kusokera anthu a ku Mzuzu, ku Kasungu, ngakhale ku Karonga komwe sindidapondeko.

Ntchito yomwe idandithyola msana idachokera ku Johannesburg. Mayi wina wa kwathu konkuno yemwe amagwira ntchito kumeneko ankakonza chinkhoswe cha mng'ono wake ku Lilongwe, ndipo ankafuna madiresi 12 ofanana a amayi a kuchikazi. Ndidalumpha ndi chimwemwe. Ndidawatumizira zithunzi za zitenje zisanu, iwo n'kusankha chimodzi, amvekere: "Chapepocho, sisi, chikugwirizana ndi zokongoletsera zathu." Mawu akuti pepo ndidawawerenga, koma sadandiimitse. Chitenjecho chidali cha buluu wodera. Ndidachijambula usiku m'nyumba, pansi pa babu, foni n'kuchipaka mtundu wake womwe idafuna.

Miyezo idabwera pa WhatsApp, aliyense atadziyeza yekha komwe adali. Anayi mwa iwo adali ndi manambala aang'ono, pachifuwa 30, wina 31, ndipo ndidangoti awa ndi atsikana achisodzera. Sindidafunse. Patapita nthawi ndidamva kuti anayiwo adabwerekana tepi imodzi yogula pamsika, ya mtundu uja wokhala ndi inchi ya ku China. Inchi imeneyo ndi yaitali, imapitirira pang'ono masentimita 3.3, pomwe yomwe timagwiritsa ntchito ife ndi masentimita 2.54. Mayi wa chifuwa cha 39 akadziyeza nayo amapeza 30. Tepiyo ukaiona ili ngati ina iliyonse, manambala ake ndi omwewa.

Apa pokha ndikadatha kunena kuti si ine. Koma pali china chomwe ndidachita ndi manja anga. Azakhali ankasiya nsalu yokwanira mkati mwa msoko uliwonse, kuti munthu akanenepa kapena telala akaphonya, diresi limasulidwe. Ine, pofuna kuti nsalu itsaleko ndisokere tizikwama togulitsa, ndidadula mothinitsa, mkati osasiya kanthu. Dyera lenilenilo.

Katundu adafika ku Lilongwe Lachinayi, chinkhoswe chili Loweruka. Usiku womwewo foni idayamba kulira. Mtundu si womwewo, ndipo madiresi anayi sakudutsa n'komwe m'mapewa. M'mawa ndidapeza chithunzi cha ntchito yanga chili m'gulu lina la amayi pa Facebook, pansi pake anthu akuthira ndemanga, ena oti sadandigulepo ngakhale kansalu kopukutira thukuta. Magazi adandiwira. Ndidajambula mawu, mphindi zitatu zathunthu, kuwauza mayi aja kuti miyezo adatumiza okha, chitenje adasankha okha, asandinyozetse. Pofika masana mawu angawo adali atazungulira magulu angapo, mpaka mnzanga wa kutchalitchi adanditumizira, kufunsa ngati ndinedi.

Ndidathamangira kwa azakhali ndikulira. Adamvetsera mawuwo mpaka kumapeto, nandibwezera foni.

"Iwe, ukakangana ndi kasitomala pakhonde pano, amamva ndi anthu angati?"

"Awiri kapena atatu, azakhali."

"Nanga m'kachinthu kakoka? Tenga zidutswa zako zonse, ukakwere basi."

Ndidakwera ya madzulo. Usiku wonse wa Lachisanu ndidakhala pa makina obwereka kwa telala wina ku Area 25, kusomola misoko ya m'mbali n'kulowetsamo zidutswa zomwe ndidasungira tizikwama tija. Madiresi atatu adatheka. Diresi lachinayi lidakana, chifukwa nsalu idatha, ndipo mwini wake adavina chinkhoswe atavala zake zina. Za mtundu panalibe chochita, ndidangogwada n'kupepesa. Ndidabweza theka la ndalama, zomwe ndidakakongola ku banki m'khonde, ndipo ndidazilipira miyezi isanu. Mayi a ku Johannesburg adachotsa chithunzi chija, koma mawu anga aja sindikadatha kuwatolera.

Zina zidandipweteka mwachidule. Bambo wina adaitanitsa mashati atatu, nanditumizira uthenga wooneka ndendende ngati wa ndalama zolowa. Ndidakweza katundu osayang'ana ndalama zotsala mu foni. Uthengawo adachita kulemba yekha, ndipo nambala yake siyidapezekenso. Lero ngakhale uthenga uwale bwanji, ndimayamba ndatsegula akaunti yanga.

Cha mu Novembala 2023 ndiye chidali chamtundu wina, chifukwa panalibe wondinamiza. Ndidali nditalandira dipoziti ya ntchito za maukwati a mu Disembala, mitengo titagwirizana kale, koma nsalu ndisanagule. Ndalamazo ndidayamba ndazizungulitsa, ina fizi ya mwana, ina lendi, poganiza kuti ndigula sabata yamawa. Kenako Reserve Bank of Malawi idalengeza kuti kwacha yatsika mphamvu ndi 44 peresenti, dola imodzi kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Zitenje zambiri zomwe timasoka zimachokera kunja, zina ku Dar es Salaam kudzera pa Songwe, ndipo zipi, ulusi ndi layiningi nazonso n'zakunja. Nditapita ku Limbe ndidapeza mitengo yasintha, masitolo ena atatseka kuti aone kaye kolowera. Makasitomala adali ndi mtengo wakale wolembedwa pa WhatsApp, ndi dzanja langa. Disembala ameneyo ndidasoka usana ndi usiku, phindu osaliona. Chikhalirecho mu Meyi 2022 kwacha idali itagwa kale ndi 25 peresenti, ndiye sindinganene kuti sindidachenjezedwe.

Ndili ndi kope lachikuto cholimba lomwe poyamba ndinkalembamo miyezo. Masamba akumapeto ndidawasandutsa a zophonya: tsiku, chomwe chidachitika, ndalama zomwe zidapita. Mmenemo ndi momwe mudachokera kagwiridwe kanga ka lero. Dipoziti ikalowa, nsalu ndimagula tsiku lomwelo. Chitenje ndimajambula panja, m'mawa, pamthunzi, pepala loyera lili pambali, ndipo ndimalemba mtundu wake m'mawu. Ngati ndi ntchito ya gulu, kachidutswa kamayenda kaye pa basi kuti akagwire ndi manja. Miyezo ndimalandira ya masentimita okha, komanso ndimafuna chithunzi cha tepiyo mbali zonse ziwiri. Ena amakwiya, amati ndikuwachedwetsa, ndipo angapo apita kwa matelala ofulumira. Ndimawalola. Uthenga wondipsetsa mtima ndimauyankha kutacha, ndipo polemba, osati ndi mawu ojambula.

Chomwe sindidachipezere njira mpaka pano ndi chala. Telala akamayeza, amalowetsa chala pakati pa tepi ndi thupi, amamva ngati munthu wagwira mpweya, amaona phewa lomwe latsika kuposa linzake. Foni siyipereka zimenezo. Ndimayesa ndi vidiyo, wina wa pakhomopo atagwira tepi, ine ndikulangiza kuti tsitsani pang'ono, masulani, musafinye.

Sabata yatha ndidali pa vidiyo ndi mayi wina wa ku Manchester yemwe akubwera ku ukwati wa mwana wake ku Zomba. Mwana wawo wamng'ono adagwira tepi, iwo ataima njo, mimba atakoka.

"Amayi, tayendani kaye mukafike pachitsekopo, mubwerere."

"Kuyenda? Kuti chiyani, mayi telala?"

"Tangoyendani, ndikuoneni."

Adaseka, natembenuka. Atangoponda kawiri, netiweki idadula, chithunzi n'kuuma iwo mwendo uli m'mwamba. Ndidatenga kope ndi foni, n'kutuluka kukaima pachulu cha kuseri kwa nyumba, pomwe imagwirako bwino.